Ma gnocchi a mu uvuni okhala ndi tchizi ndi anyezi wofiiritsa pa moto wochepa: tithandizane

Nabanda (Lilongwe):
Moni nonse a pagulu lino. Ndikufuna kukonza ma gnocchi (chakudya cha ku Italy, tizidutswa ta mtanda wa mbatata ya kachewere ndi ufa wa tirigu) ophika mu uvuni, okhala ndi tchizi chosungunuka pamwamba komanso anyezi wokazinga mpaka atafiira ndi kutsekemera, ndipo ndikupempha amene chakudyachi amachidziwa bwino kuti andiunikire. Kodi ma gnocchi ndiyenera kuwawiritsa kaye m'madzi ndisanawaike mu uvuni, kapena akhoza kupsa ali mumsuzi momwemo? Chinanso, malangizo ena amene ndawerenga akuti anyezi amatenga mphindi 10 zokha, pamene ena akuti ola lathunthu, ndiye ndasowa chogwira. Vuto lalikulu ndi la tchizi, chifukwa mitundu imene imatchulidwa, monga fontina ndi Gruyère, kuno siipezeka wamba, ndipo ikapezeka mtengo wake ndi woboola m'thumba. Chakudyachi ndikufuna chikwanire anthu 6.

Achisale (Mangochi):
Mayi Nabanda, ndiyambire pa anyezi, chifukwa ndiye amene amadya nthawi yambiri kuposa china chilichonse pa chakudya chimenechi. Ine ndinaphunzira kuphika zakudya za ku Italy ndili mnyamata, pamene ndinkathandiza kukhitchini kwa ansembe ochokera ku Italy kuno ku Mangochi, ndipo chimene ankatiletsa kwambiri chinali kusonkhezera moto pofuna kuti zinthu zipse msanga. Amene akulemba kuti mphindi 10 n'zokwanira akunena za anyezi wokazinga wa masiku onse, uja timayambira naye ndiwo, amene amafiira m'mbali mokha koma m'kati akadali ndi ukali wake. Anyezi amene inu mukufuna amatenga mphindi 45 mpaka ola lathunthu pa moto wochepa.

Kwa anthu 6 gulani anyezi wokwana kilogalamu imodzi, ndipo musadabwe ndi kuchuluka kwake, chifukwa akadzapsa sadzakwana ngakhale makapu awiri. Mudule mutu uliwonse pakati, kenako muudule mopyapyala motsatira mizere yake, kuchokera kumizu kupita kunsonga, pakuti wodulidwa choncho saphwanyika msanga ngati wodulidwa mopingasa. Tengani chiwaya chachikulu chochindikala pansi, osati tiziwaya topepuka timene timatentha malo amodzi, musungunule masupuni awiri a batala pamodzi ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira, muthire anyezi yense ndi mchere pang'ono, kenako muvundikire kwa mphindi 10 zoyamba kuti afewe ndi kutulutsa madzi ake. Mukavundukula mudzapeza anyezi atamira m'madzi ake omwe, ndipo pamenepo chepetsani moto, musavundikirenso, muzingotakasa pakapita mphindi zingapo. Chakumapeto pansi pa chiwaya pamayamba kumata nkhoko zofiirira, ndipo zimenezo si kupserera ayi, ndi mmene muli kukoma konse. Thirani masupuni awiri a madzi, mupale ndi mthiko mpaka nkhokozo zisungunuke n'kulowa mu anyezi, ndipo madziwo akauma mubwerezenso. Mukatero kangapo anyezi amafiira mofanana paliponse, amanyezimira, ndipo mukamukanikiza ndi supuni amangophwanyika.

Amwale (Leeds):
Zimene anena a Chisale n'zoona, ndipo ine ndingowonjezera chifukwa chake, poti munthu akadziwa chimene chikuchitika m'chiwaya sapupuluma. Pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a anyezi ndi madzi, ndipo madziwo akadali m'chiwaya kutentha sikupitirira kwenikweni madigiri 100, pomwe kufiira kumene tikufunaku kumayenda bwino pa kutentha koposa pamenepo. Choncho theka loyamba la ola limangothera pa kuumitsa madzi, ndipo ndi pa nthawi imeneyi pamene ambiri amataya mtima n'kukweza moto. Madzi akachepa, shuga wachilengedwe amene ali mu anyezi amayamba kufiira, komanso amaphatikana ndi tizigawo ta mapuloteni n'kutulutsa fungo ndi mtundu, zimene katswiri wa sayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza mu 1912. Pali ena amene amawaza soda pang'ono kuti kufiiraku kufulumire, ndipo kumafulumiradi, koma sodayo amafewetsanso anyezi mpaka kusanduka phala, ndipo mukangopitirira muyezo amasiya kakomedwe koipa m'kamwa. Pa chakudya chimene anyezi ayenera kuoneka pakati pa ma gnocchi, ine soda sindingamuvomereze.

Nankhoma (Johannesburg):
Bambo Chisale ndi Bambo Mwale, zonse mwanenazi ndazimva, koma tisaiwale kuti enafe timafika pakhomo dzuwa litalowa kale, ana maso ali kukhitchini. Ine anyezi ndimamukazinga kwa theka la ola, ndipo pakati pake ndimawaza kasupuni kamodzi ka shuga wabulauni kuti mtundu ubwere msanga. Ma gnocchi sindikanda ndekha, ndimagula a m'mapaketi a magalamu 500 amene amakhala pashelefu imodzi ndi pasta, ndipo kwa anthu 6 mapaketi awiri amakwana bwinobwino. Amenewa sindiwawiritsa n'komwe. Ndimawathira mumsuzi wa kirimu ali osaphika, ndimavundikira mbale ndi foyilo kwa mphindi 15 kuti nthunzi iwafewetse, kenako ndimachotsa foyiloyo kuti tchizi chifiire. Achemwali Nabanda, ngati mungawapeze m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, njira imeneyi siingakuchititseni manyazi pamaso pa alendo.

Achisale (Mangochi):
Mayi Nankhoma, za ma gnocchi a m'paketi ndilibe nazo mawu, chifukwa amenewo amapangidwa olimba kuti akhalitse pashelefu, ndiye akhozadi kupirira kuphikidwa mumsuzi. Koma pa shuga ndiye tisiyana pang'ono. Shuga amabweretsa mtundu, inde, koma anyeziyo amakhala asanataye ukali wake ndi madzi ake onse, ndipo madzi otsalawo amakatulukira mu uvuni n'kusukulutsa msuzi. Komanso mbale yokhala ndi batala, kirimu, tchizi ndi mbatata ndi yonona kale, ndiye chimene imasowa si kutsekemera kowonjezera koma kowawasa pang'ono koti kachepetse kunonako. N'chifukwa chake anyezi akapsa ine ndimathira supuni imodzi ya viniga wa balsamic wa ku Modena akapezeka, apo ayi theka la supuni ya viniga wamba, ndipo amene alibe vuto ndi vinyo akhoza kuthira theka la kapu ya vinyo woyera wosatsekemera n'kudikira kuti aumiretu. Ngati chovuta ndi nthawi, kazingani anyezi wambiri Loweruka, mumuike m'botolo lotseka bwino n'kumusunga mufiriji, pakuti amakhala masiku atatu kapena anayi osawonongeka.

Nankhoma (Johannesburg):
Za viniga ndazigwira, Bambo Chisale, koma shuga wangayo sindikulonjeza kuti ndimusiya pa masiku a ntchito.

Anaphiri (Verona):
Moni kuchokera ku Verona. Ndisanayankhe funso la kuwiritsa, ndifotokoze kaye kumene chakudyachi chikuchokera, chifukwa zimenezi zithandiza Achemwali Nabanda kuti nkhani ya tchizi isawadetse nkhawa. Ma gnocchi a mu uvuni amene anthu kuno amawadziwa kwambiri ndi a ku Sorrento, kumwera kufupi ndi Napoli, otchedwa gnocchi alla sorrentina, amene amakhala ndi msuzi wa tomato, tchizi cha mozzarella ndi masamba a basil, ndipo kawirikawiri amaphikidwa m'timbale tadothi. Ku Roma kuli ena otchedwa gnocchi alla romana, amene mulibe mbatata n'komwe, chifukwa amaphika semolina (ufa wa tirigu wokhakhala) mumkaka, amayala kuti zizizire, amadula tizidutswa tozungulira, kenako amaika mu uvuni ndi batala ndi tchizi cholimba cha Parmigiano. Kumapiri a kumpoto, ku Valle d'Aosta ndi ku Piemonte, kuli gnocchi alla bava, amene amathiridwa fontina yosungunula, ndipo amenewa ndiwo ali pafupi ndi zimene tikukambiranazi. Koma anyezi wofiiritsa pamodzi ndi Gruyère, chimene ndi tchizi cha ku Switzerland, zinatchuka ndi supu ya anyezi ya ku France. Ndiye mbale yathuyi yatenga mbali ina ku Italy, mbali ina ku France, ndipo palibe agogo a ku Italy amene angakuimbeni mlandu mukasintha tchizi, poti si chakudya cha makolo chokhala ndi malamulo ake okhwima.

Kuno ku Verona ma gnocchi ali ndi tsiku lawo, Lachisanu lomaliza nyengo ya Lenti isanayambe, lotchedwa Venerdì Gnocolar, ndipo pa chikondwererocho pamakhala mfumu yake, Papà del Gnoco, imene imayenda itanyamula chifoloko chachikulu. Mukafunsa mayi aliyense wa mumzinda muno chinsinsi cha ma gnocchi, sayambira pa msuzi kapena pa tchizi, amayambira pa mbatata, kuti ikhale yakale ndi youma m'kati, osati yokumba kumene.

Tsopano pa funso lanu, Achemwali: ma gnocchi okanda pakhomo ayenera kuwiritsidwa kaye, ndipo apa palibe kunyengerera. Ndi ofewa kwambiri ndipo ali ndi ufa wosaphika, kotero mukawaika mumsuzi ali choncho amasungunuka n'kumatana. Wiritsani madzi ambiri a mchere mumphika waukulu, muziponyamo ochepaochepa, ndipo akangoyandama, zimene zimachitika pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, muwavuule nthawi yomweyo ndi chipande chobooka, chifukwa akukapsanso kachiwiri mu uvuni. Muwasiye akhe madzi bwinobwino musanawasakanize ndi china chilichonse. Pa a m'paketi ndikugwirizana ndi Achemwali Nankhoma, ngakhale kuti ine ndimakonda kuwakazinga kaye m'batala mpaka atafiira mbali imodzi.

Nambewe (Dedza):
Popeza nkhani yafika pa mbatata, ndilankhulepo ine wa kuno kumene kachewere amalimidwa. Mukapita pamsika wa Lizulu, kapena mukagula kachewere wochokera ku Bembeke ndi ku Tsangano, musasankhe uja wokumba kumene amene khungu lake limasupuka ndi chala, chifukwa ameneyo ndi wamadzi, ndipo amakoma akaphikidwa wathunthu kapena akathiridwa m'nyama. Funani wokhwima, wa khungu lolimba, amene watha masabata angapo chikumbireni. Njira yapafupi yodziwira ndi kufunsa anyamata a chiwaya kuti tchipisi chawo akukazinga mtundu uti, pakuti iwo safuna mbatata yamadzi imene imamwa mafuta n'kulefuka, ndipo mbatata imene imatulutsa tchipisi chouma bwino ndi yomweyo imene ili ndi ufa wambiri m'kati. Yobiriwira khungu kapena yophuka kwambiri muisiye, chifukwa imawawa ndipo ili ndi poizoni wachilengedwe amene sachoka ndi kuwiritsa.

Amwale (Leeds):
Kwa amene muli kuno ku Britain, mitundu yoyenera ndi Maris Piper kapena King Edward, ndipo mayina ake amalembedwa pathumba pomwepo.

Nabanda (Lilongwe):
Zikomo kwambiri nonse. Ndasankha kukanda ndekha, chifukwa kachewere ndiye sasowa kuno. Bambo Chisale, ndikupempha kuti mundilongosolere kakandidwe kake, makamaka muyezo wa ufa, komanso ngati dzira likufunika.

Achisale (Mangochi):
Muyezo umene ndimatsatira ndi wakuti pa kilogalamu imodzi ya mbatata pamafunika ufa wa tirigu magalamu 250, ndipo mukhale ndi magalamu ena 50 pambali oti muwonjezere ngati pangafunike komanso owaza patebulo. Mbatata muiwiritse yathunthu ndi khungu lake, kuyambira m'madzi ozizira, chifukwa mukaisenda ndi kuidula musanaiphike imamwa madzi ambiri. Ngati magetsi alipo, kuiwotcha mu uvuni pa madigiri 200 kwa pafupifupi ola limodzi n'kwabwino koposa, pakuti imatuluka youma. Ikapsa muisende ikadali yotentha, mutaigwira ndi kansalu, ndipo muiphwanye nthawi yomweyo. Anthu a ku Italy ali ndi chipangizo chake chofinyira mbatata chokhala ndi timabowo, koma ngati mulibe, ikanikizeni pa sefa yawaya ndi msana wa supuni. Chimene simuyenera kuchita ndi kuisinja mumtondo kapena kuipera ndi makina, chifukwa ikamenyedwa kwambiri imananda, ndipo ikananda mudzakakamizika kuthira ufa wambiri, ma gnocchi n'kukhala olimba ovuta kutafuna.

Yalani mbatata yophwanyayo patebulo kuti nthunzi ituluke, ndipo mudzaiona ikufuka. Ikasiya kufuka koma ikadali yofunda, wazani mchere ndi ufa wambiri mwa uja munayeza, kenako musonkhanitse ndi manja mopepuka, mukupinda ndi kukanikiza pang'ono, osati kukanda mwamphamvu. Ntchito yonseyi isapitirire mphindi ziwiri, chifukwa ufa wa tirigu ukakandidwa nthawi yaitali umayamba kutamuka, zimene zili zabwino pa buledi koma zoipa pano. Mtandawo ukasiya kumata m'manja, lekani ngakhale ukuoneka wofewa. Musanadule wonse, tsinani kachidutswa kamodzi mukaponye m'madzi owira: kakayandama kali kathunthu ndiye kuti zili bwino, koma kakabalalika m'madzi onjezerani ufa pang'ono. Mukatero gawani mtandawo, mukulunge chigawo chilichonse patebulo kuti chitalike n'kukhala chonenepa masentimita awiri, mudule tizidutswa ta masentimita awiri, ndipo kachidutswa kalikonse mukagubuduze pamsana pa foloko ndi chala chachikulu kuti kakhale ndi mizere mbali imodzi ndi kadzenje mbali inayo. Mizereyo si yokongoletsa chabe, ndi imene imagwira msuzi.

Anaphiri (Verona):
Pa dzira, ngakhale anthu a kuno sagwirizana, ndipo mukhoza kupeza nyumba ziwiri zoyandikana zikutsutsana pa nkhani yomweyi. Opanda dzira amakhala opepuka ndipo amamveka mbatata kwambiri, koma amafuna mbatata youma ndi dzanja lozolowera. Popeza anuwa aphikidwa kawiri, m'madzi ndi mu uvuni, komanso atakasidwa ndi msuzi, ine ndikulangizani kuthira dzira limodzi pa kilogalamu ya mbatata kuti asaphwanyike. Mungoonetsetsa kuti mbatata yasiya kutentha kwambiri musanalithire, kuopa kuti lingapse lisanasakanikirane.

Amwale (Leeds):
Tibwere pa tchizi, chimene chinali chodetsa nkhawa chachikulu. M'malo mofunafuna dzina limodzi, ganizirani ntchito imene tchizi chikukagwira m'mbalemo. Pakufunika china chosungunuka bwino, china chokoma mwamphamvu, ndi china chouma choti chifiire pamwamba. Gouda, chimene chimapezeka m'masitolo ambiri ku Malawi ndi ku South Africa, chimasungunuka mosalala ndipo chingalowe m'malo mwa fontina popanda vuto. Cheddar chokhwima chimabweretsa kukoma, koma chikachuluka chimatulutsa mafuta amene amatuwira pamwamba, choncho chichepe. Kwa anthu 6 ine ndingatenge Gouda magalamu 200, cheddar magalamu 100, ndi Parmesan magalamu 50 ngati thumba likulola. Gulani chathunthu mupale nokha, chifukwa chopalidwa kale cha m'mapaketi kawirikawiri amachiwaza sitalichi kuti chisamatane, ndipo sichisungunuka mosalala.

Kuti tchizi chisapatukane ndi mafuta ake, ndimachisungunulira mumsuzi woyera. Ndimasungunula batala magalamu 40, ndimathira ufa magalamu 40 n'kutakasa kwa mphindi ziwiri kuti fungo la ufa lichoke, kenako ndimathira mkaka mamililita 600 pang'onopang'ono ndikutakasabe mpaka utalimba pang'ono. Ndikaphula pamoto m'pamene ndimathira tchizi, osati ukuwira, chifukwa kutentha kwambiri kumachititsa kuti tchizi chiundane n'kukhala ndi timibulu. Pomaliza ndimapalira nutmeg pang'ono ndi kuwaza tsabola wakuda.

Nankhoma (Johannesburg):
Apa ndiye Bambo Mwale sindikugwirizana nanu. Ma gnocchi ali kale ndi mbatata ndi ufa, ndiye kuwonjezeranso msuzi wa ufa ndi kulemetsa chakudya mopanda chifukwa, ndipo munthu akadya masupuni ochepa amakhala watopa nacho. Ine ndimathira kirimu mamililita 250 m'chiwaya momwe muli anyezi muja, ndimawonjezera kapu imodzi ya msuzi wa nkhuku, ndimasiya kuti ziwire pang'ono, ndipo ndikaphula ndimathira tchizi. Ma gnocchi eniakewo amatulutsa sitalichi yokwanira kulimbitsa msuzi mu uvuni.

Amwale (Leeds):
Mayi Nankhoma, kwa inu amene mumaika ma gnocchi osawiritsa, mfundo yanu ndi yomveka, chifukwa sitalichi yawo yonse imathera mumsuzi. Koma a Mayi Nabanda adzakhala atawiritsidwa kale, ndipo kirimu ku Lilongwe ndi wokwera mtengo kuposa mkaka, komanso sapezeka nthawi zonse. Ndikuvomereza komabe kuti msuzi woyerawo uyenera kukhala wamadzimadzi, woti ukhoza kuthiridwa mosavuta, chifukwa umalimbanso mu uvuni.

Achisale (Mangochi):
Njira zonse ziwiri ndi zabwino, ndipo ine ndimayenda pakati. Kirimu akapezeka ndimamugwiritsa ntchito, koma m'malo mwa msuzi wa nkhuku ndimatunga chikho chimodzi cha madzi amene ndawiritsira ma gnocchi, amene amakhala oyera ndi sitalichi, n'kuthira m'chiwayamo. Madzi amenewo ali kale ndi mchere, ndipo tchizi nachonso chili ndi mchere wake, choncho lawani musanawonjezere wina.

Anaphiri (Verona):
Ndiwonjezere pang'ono pa tchizi. Parmesan chenicheni, chotchedwa Parmigiano Reggiano, chimasungidwa miyezi yosachepera 12 chisanagulitsidwe, pamene Grana Padano chimasungidwa miyezi yosachepera 9 ndipo chimatsikirapo mtengo, koma pamwamba pa mbale ya mu uvuni kusiyana kwake n'kochepa, ndiye musawononge ndalama. Mozzarella ija yoyera yokhala m'madzi muisamale, chifukwa ikatenthedwa imatulutsa madzi ambiri. Ngati ndi yokhayo imene muli nayo, iduleni n'kuisiya pa sefa kwa ola limodzi. Kwa amene tchizi cha fungo lamphamvu sichiwavuta, Gorgonzola pang'ono, mwina magalamu 50, chimagwirizana kwambiri ndi anyezi wotsekemera, ngakhale kuti kwa alendo amene simukudziwa zokonda zawo ndi bwino kuchisiya. Masamba amene amayenera mbale imeneyi ndi sage kapena thyme, ndipo muwaponye mu anyezi mphindi zochepa asanapse.

Nabanda (Lilongwe):
Ndathokoza kwambiri. Latsala funso limodzi limene likundivutitsa maganizo: nanga magetsi akathima pa nthawi yoti mbale ilowe mu uvuni, ndingapulumutse bwanji chakudyachi pa mbaula?

Achisale (Mangochi):
Mayi, zimenezo zisakusowetseni tulo, chifukwa zonse zimene zili m'mbalemo zimakhala zitapsa kale, ndipo uvuni ntchito yake ndi kungotenthetsa, kulimbitsa msuzi ndi kufiiritsa pamwamba. Chitani monga mmene timaphikira chigumu: ikani zonse m'poto wochindikala wokhala ndi chivundikiro chachitsulo, pansi musiye makala ochepa kwambiri amene ayamba kale kuchita phulusa, ndipo makala ambiri oyaka muwaike pamwamba pa chivundikiro. Moto wapansi ukachuluka msuzi wa mkaka umapserera msanga, ndipo fungo la mkaka wopserera limalowa m'chakudya chonse. Pakatha mphindi 10 nyamulani chivundikiro mosamala kuti phulusa lisagwere m'kati, mupukute madzi a nthunzi amene adikha kunsi kwake, muone mmene tchizi chilili, kenako mubwezeretse kwa mphindi zina zisanu kapena kupitirirapo mpaka chitafiira.

Amwale (Leeds):
Ngati magetsi alipo, kayalidwe kake ndi kotere. Tenthetsani uvuni kufika madigiri 200 mbale isanalowe. Sankhani mbale yotambalala ndi yosazama, muipake batala, kuti ma gnocchi asaunjikane kupitirira mizere iwiri, chifukwa mbale yozama imasiya apansi atamira mumsuzi pamene apamwamba okha ndiwo afiira. Sakanizani ma gnocchi ndi msuzi pamodzi ndi magawo awiri mwa atatu a anyezi, mukutembenuza mofatsa ndi supuni yaikulu kuti asaphwanyike. Anyezi wotsalayo mumuyale pamwamba, koma tchizi chibwere pamwamba pake, pakuti anyezi wofiiritsa kale akaonekera ku moto wa uvuni amada n'kuyamba kuwawa. Mphindi 15 mpaka 20 n'zokwanira, ndipo chizindikiro chake n'chakuti msuzi ukubwadamuka m'mbali. Ngati pamwamba sipanafiire, yatsani moto wapamwamba wokha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo musachoke pafupi, chifukwa apa m'pamene zinthu zimapserera munthu akangotembenuka. Mukatulutsa dikirani mphindi zisanu mpaka 10 musanagawe, kuti msuzi ukhazikike.

Nambewe (Dedza):
Pambali pake pakhale ndiwo zamasamba zosaphika zothira mandimu, monga letesi, nkhaka ndi tomato, chifukwa mbale yonona chonchi imafuna chotsitsira chowawasa, ndipo mpunga kapena buledi sizikufunikanso.

Nabanda (Lilongwe):
Kodi ndingathe kukanda ma gnocchi m'mawa n'kuwasiya patebulo mpaka madzulo, kuti ntchito ichepe alendo akafika?

Anaphiri (Verona):
Ayi, Achemwali, osaphika musawasiye patebulo nthawi yaitali choncho, chifukwa mbatata imapitiriza kutulutsa madzi, ndipo pakatha maola ochepa amayamba kumata, kuda ndi kulefuka. Ngati mukufuna kukonzeratu, awiritseni m'mawa momwemo, muwakhetse madzi, muwapake mafuta pang'ono kuti asamatane, muwayale pathireyi n'kuwaika mufiriji akazizira, ndipo akhoza kudikira choncho mpaka tsiku lotsatira. Njira ina ndi kuwayala osaphika pathireyi yowaza ufa, osakhudzana, n'kuwaika m'chipinda choundanitsa cha firiji, ndipo akauma gwa muwasamutsire m'thumba la pulasitiki. Pophika muwaponye m'madzi owira ali oundana choncho, osadikira kuti asungunuke, ndipo muziponya ochepa kuti madzi asasiye kuwira. Anyezi ndi msuzi nazonso mukhoza kukonzeratu, koma musasakanize zonse mpaka nthawi yolowetsa mu uvuni itakwana, chifukwa ma gnocchi akagona mumsuzi amaumwa wonse. Ngati zinthuzo zikuchokera mufiriji, tenthetsani msuzi ndi mkaka pang'ono kuti ufewe, ndipo pa nthawi ya mu uvuni muwonjezerepo mphindi zisanu.